Amene Waima Kumanzere kwa Chithunzi

Kalyna Creek, Manitoba
9 Meyi 2011

Mwana wanga Lesia,

Ndikhulupirira uli bwino ku Toronto kumeneko, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tilipo. Chisanu chasungunuka mochedwa chaka chino, msewu wathu ndi matope okhaokha, moti lole ya malemu abambo ako yatitimira pageti pomwe. Ming'oma ya njuchi ndaivundukula sabata yatha. Njuchi zomwe zinatsala zapirira kuzizira, zayamba kale kutuluka kukasaka maluwa a msondodzi kumtsinje.

Ndili ndi ntchito yoti undigwirire. Kusitolo ya m'tauni andiuza kuti mashelefu awachepera, ndiye uchi wathu sadzalandiranso. Uchi umenewo wakhala pashelefu imeneyo iwe usanabadwe, lero ndi pamene aona kuti malo achepa. Ndinanyamula mabotolo anga n'kubwerera.

Mayi Ferris a kulaibulale ndi amene andiuza kuti masiku ano munthu amagulitsa katundu wake osagwadira sitolo. Anditsegulira tsamba pa intaneti, amati bulogu, loti ndizilembapo za njuchi, ofuna uchi aziitanitsa pomwepo. Ndalemba kale nkhani ziwiri ndi zala ziwiri. Koma pamwamba pa tsambalo pali chithunzi cha mapiri chomwe linabwera nacho, pomwe iwe ukudziwa kuti kuno phiri lalitali ndi mulu wa manyowa wa aneba athu a Petrash.

A Ferris akuti pamafunika chithunzi chachitali ngati lamba, chokhala ndi dzina. Imeneyo ndi ntchito yako, umawapangira anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Mu envelopu muno ndaikamo chithunzi chija tinajambulitsa m'munda wa kanola, mbewu yamafuta ya maluwa achikasu ija, chilimwe chomaliza abambo ako ali moyo. Ulembepo kuti UCHI WA A HARASYM. Mawuwo uwaike kumanzere, pomwe waima mlongo wako Orest. Mbali imeneyo uidule, titsale atatu, abambo ako, ine ndi iwe.

Mlongo wakoyo ndinakamuona kundende Lamlungu. Wachepa thupi koma akudya. Akukupatsa moni. Undilembere, undiuzenso ngati mnyamata wa njinga uja akadalipo kapena unamuthamangitsa ngati enawo.

Mayi ako,
Darlene


Toronto
18 Meyi 2011

Amayi,

Ndili bwino, chifuwa chinatha, wa njinga uja anathanso. Kalata yanu ndalandira pamodzi ndi chithunzi. Za asitolo zandiwawa, ndipo tisanamizane za mashelefu, tonse tikudziwa chifukwa chake.

Ntchito ndagwira, koma osati m'mene munanenera. Chithunzicho ndachiyeretsa, madontho ndachotsa, chikasu cha kanola ndachiwalitsa pang'ono. Dzina ndaliika m'mwamba pamitambo, pomwe pali malo okwana ngakhale maina awiri. Zilembo ndatengera m'mene abambo ankalembera pazivindikiro za ming'oma. Tilipo anayi. Ndatumiza kwa a Ferris pakompyuta, mukachione.

Orest sindimudula. Kuntchito ndimadula anthu pazithunzi tsiku lililonse, mabwana ochotsedwa ntchito, amuna osudzulidwa, koma mlongo wanga ayi.

Ndikukumbutseni, poti zikuoneka kuti ku Kalyna Creek anthu amaiwala msanga. Gordon Thiessen anapopera mankhwala m'munda mwake dzuwa lili paliwombo, kanola ali pamaluwa, osatiuza kuti titseke ming'oma. Inu nomwe munandiuza kuti njuchi zakufa munkazikokola ndi fosholo. Orest anapita kukamufunsa, Gordon n'kumuseka pamaso pa antchito ake, Orest n'kumuthyola chibwano. Analakwa, sindikukana. Khoti linamupatsa chilango ndipo akuchigwira. Koma poti Gordon amalemba ntchito theka la tauni, palibe amene akufunsa za njuchi zathu. Asitolo atitaya, atchalitchi akutiyang'ana cham'mbali, ndiye inunso mwati muwathandize?

Amene ankanyamula mabokosi a uchi abambo atadwala ndi Orest, si ine. Ine ndinangoima pachithunzicho chifukwa ndinabwera kutchuthi. Ngati pali wofunika kudulidwa pauchi umenewu ndi ineyo.

Mukuchita naye manyazi, nenani. Ndaimba foni kangapo simukuyankha.

Lesia


Kalyna Creek
14 Juni 2011

Lesia,

Ndikulembera pakompyuta ya kulaibulale chifukwa apositi anyanyala ntchito. Ndili bwino. Mfumukazi zatsopano za njuchi zinafika, ndikugawa ming'oma ndekha, msana ukudandaula koma ntchito ikuyenda.

Kalata yako ndinaiwerenga kamodzi. Kachiwiri sindinafune. Foni ndimaimva ikamalira, koma iwe ukayamba kulankhula supuma, ndipo ine ndilibe mpweya wopikisana nawe. Chithunzi chakocho a Ferris sanachitsegule, ndinawaletsa.

Ndinakupempha chinthu chimodzi. Sindinakupemphe kuti undiphunzitse kukhala mayi. Amene amaima pamzere kubanki anthu n'kumawerenga zolembedwa pakhoma kuti asamuone ndi ine. Kulimba mtima n'kotchipa munthu ali ku Toronto.

Ngati sungathe zomwe ndinanena, usavutike. Mapiri aja akhalapo.

Mayi ako


Toronto
15 Juni 2011

Amayi,

Mapiri akhalepo ndithu. Muziwauza ogula kuti njuchi zathu zimakwera mapiri.

Ndinati ndibwera mu Ogasiti kudzathandiza kufula uchi. Ndiganizanso. Sindikudziwa ngati ndingakhale patebulo pomwe mpando wina tikuuyesa kuti sunakhalepo munthu.

Msanawo mupite nawo kuchipatala, musaudikire kuti uthyoke.

Lesia


Kundende
29 Meyi 2011
(inafika ku Toronto pa 4 Julayi)

Achemwali a ku Toronto,

Moni kuchokera kuno kwa akazembe. Ndili bwino. Andiika kukhitchini, ndimasenda mbatatesi kuyambira m'mawa, moti ndikadzatuluka mapirogi a amayi, zitumbuwa zoika mbatatesi mkati zija, ndidzawapanga maso ali chitsinzinire. Iwe uli bwanji? Ukujambulabe zikwangwani za anthu ogulitsa sopo?

Amayi anali kuno lero. Sanafune kunena kanthu, koma nkhope ndimaidziwa. Ndawafunsafunsa mpaka andiuza kuti unawalembera kalata yoluma. Tamvera tsono, iwe Lesia, ndipo ukhale pansi.

Zodula chithunzi ndi zanga. Ndine ndinawauza. Iwo anabwera kuno mu Epulo akusangalala ndi bulogu yawoyo, akuti adzaika tonse anayi pamwamba. Ine ndinakana. Munthu akalemba dzina lathu pa intaneti, choyamba kutuluka ndi chithunzi changa ndili pamasitepe a khoti. Wofuna uchi wothira mu tiyi safuna kuona nkhope ya wothyola chibwano ikumusekerera pamwamba pa tsamba. Ndawaphera kale msika umodzi, sindikufuna kuwaphera wachiwiri. Tinakangana mpaka mlonda anatiyandikira. Pomaliza ndinawauza kuti nkhope yanga ikakhala pamenepo, ndikatuluka sindibwera kunyumba, ndilunjika ku Alberta kuzitsime zamafuta. Ndinawalumbiritsanso kuti asakuuze, chifukwa ndimakudziwa, ukanatenga mbendera n'kuyamba perete.

Perete wayamba ndithu, koma walunjika kolakwika. Mayi amene ukuti akuchita nane manyaziyo amanyamuka tambala asanalire Lamlungu lililonse, palole yopanda chotenthetsera, kudzakhala nane ola limodzi. Mu Januwale anabwera chisanu chili m'mawondo. Kutchalitchi anasiya kupita si chifukwa choopa anthu, ndi chifukwa tsiku loonera akaidi ndi lomwelo.

Ndiye undichitire izi. Undidule bwinobwino monga umadziwira, uwapepese amayi, uchi ugulidwe. Nkhope ndi yanga, ndili ndi ufulu wonena komwe ikhale. Komanso makutu angawa amadya malo ambiri, dzina lidzakwana bwino.

Mlongo wako,
Orest


Toronto
5 Julayi 2011

Amayi,

Kalata ya Orest yafika dzulo, inagona kupositi mwezi wathunthu. Wandiuza zonse. Musamukalipire chifukwa choulula, iye anakulumbiritsani inu, sanadzilumbiritse yekha.

Ndinakunenerani mawu oipa, pepani. Mukanatha kundiuza, koma ndikudziwa komwe tonse tinatengera kuuma khosiku.

Ndapanga zomwe mumafuna awirinu. Sindikugwirizana nazo ndipo sindidzagwirizana nazo, koma wanena kuti nkhope ndi yake.

Kumudula sikunavute. Chovuta chinali dzanja. Mukumbukira kuti anakoleka mkono kumsana kwa abambo? Nditamuchotsa, zala zake zinatsala paphewa lawo mbali inayo. Ndinatenga kansalu ka malaya awo ka pachifuwa n'kumatapo pang'onopang'ono mpaka zala zinazimirira, mizere ya malayawo n'kulumikizana. Pomwe anaima ndabzalapo kanola wotengedwa kumanja kwa chithunzi, dzina lakhala pamwamba pa maluwawo. Ndinamuonetsa mnzanga wa kuntchito, wodziwa bwino ntchitoyi, sanaone kuti panali munthu.

Ndatumiza kwa a Ferris. Zithunzi zonse ziwiri zili kumeneko, chatsopanochi ndachilemba kuti chachiwiri. Mu Ogasiti ndibwera, ngati mundilandira.

Mwana wanu,
Lesia


Kalyna Creek
20 Julayi 2011

Lesia mwana wanga,

Ndakhululuka, isathenso inki nkhani imeneyo. Ndachedwa kuyankha chifukwa kanola ali pamaluwa, ndikusanjika mabokosi a uchi pamwamba pa ming'oma mpaka dzuwa kulowa. Uchi chaka chino ulipo. Bwera, bedi lako ndayala kale, kungoti pansi pake pali mabotolo.

Lachiwiri la sabata yatha ndinapita kulaibulale, a Ferris n'kunditsegulira chachiwiricho. Ntchito yako ndi yabwino, mwana wanga, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ndinayang'ana, ndinafunafuna, osaona chilema. Tinaoneka banja la anthu atatu lomwe silinakhalepo ndi mwana wamwamuna. Ndinayang'ana phewa la abambo ako nthawi yaitali. Tsiku lomwe tinajambulitsa lija anali atafooka kale ndi mankhwala a kuchipatala, miyendo ikunjenjemera. Orest sanawakoleke mkono kuti chithunzi chikongole, ankawagwira kuti asagwe. Iwe wawaimika okha.

Ndili chikhalire choncho, kumbuyo kwanga kunafika azakhali ako a Stella, anabwera kudzabweza mabuku awo achikondi aja. Anasuzumira paphewa panga, n'kuvala magalasi, kenako anandisisita pamsana.

"Wachita nzeru, Darlene," anatero. "Tsopano likuoneka banja labwino."

Mchemwali wa abambo ako ameneyo, amene anamunyamula Orest paubatizo. Ukudziwa kuti m'laibulale salola phokoso. Ndinangowauza a Ferris kuti atsegule choyamba chija. Ndi pamene ndinachiona koyamba, tonse anayi, ndi zilembo za abambo ako pamitambo. Ndinati aike chimenecho, nthawi yomweyo, Stella ali pompo. A Ferris anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinawauza kuti ndikanakhala ndi makwerero ndikanachikhoma ndekha. Stella anatuluka osabweza mabuku.

Lamlungu ndinakamuuza mwini wake, Orest. Sindinazungulire. Ndinati chithunzi chakwera, iwe ulipo. Anafiira makutu onse, n'kundikumbutsa kuti ndinalonjeza. Ndinavomera kuti ndinalonjeza, ndipo ndaswa.

"Ndiye ndipita ku Alberta," anatero.

"Pita," ndinamuyankha. "Koma ku Alberta nakonso intaneti iliko. Ukakatsegula ukadzipeza uli pomwe ndinakuika."

Anaimirira nthawi isanathe n'kupempha mlonda kuti amubwezere mkati. Ndinalira m'lole mpaka ku tauni ya Neepawa, kenako ndinagula khofi ndi kubwera kwathu. Ndinamumvera mu Epulo chifukwa ndimaopa kumutaya. Koma ndaona kuti m'mene tinkachitiramo ndinali kumutaya ndi manja anga, ndikuchita kulemba ntchito mwana wanga wina kuti andithandize.

Ubwere ndi nsapato zolimba. Zija unasiya kuno mbewa zinadya.

Mayi ako


Kundende
3 Ogasiti 2011

Lesia,

Sindikupatsa moni, sunandigwirire ntchito. Ndinakupempha chithunzi chimodzi, iwe n'kusiya ziwiri pamalo amodzi ngati sukuwadziwa amayi. Umadziwa zomwe umachita.

Awirinu mukuona ngati ndi masewera. Inu mukulimbana ndi Stella, ndi asitolo, ndi tauni yonse, ndipo ndodo yomenyera ndi nkhope yanga. Palibe amene wandifunsa ngati ndikufuna kukhala ndodo. Ine sindinyadira zomwe ndinachita. Gordon uja anamwa chakudya ndi kapaipi mpaka Khirisimasi. Njuchi anapha, inde, ndipo mpaka lero sanapepese, koma ana ake sanaphe njuchi, ndipo anaona bambo awo atamangidwa mawaya m'kamwa. Ndikamaganiza kuti angatsegule tsambalo n'kundipeza ndikuseka, ndimasowa pokhala.

Za Alberta sindinasinthe. Mnzanga wina kuno ali ndi amalume ake kumeneko, akuti safunsa zambiri bola manja akhale awiri.

Amayi anabweranso Lamlungu ngati palibe chinachitika. Anakhala ola lonse akundiuza za ming'oma ya kumtsinje, ine osayankha. Potuluka anati sabata yamawa adzapitiriza pomwe alekezera.

Chomwe chikundinyansa kwambiri n'choti dziko lonse likutha kuona chithunzicho kupatula ine. Kuno kulibe intaneti. Uchisindikize papepala unditumizire, ndione chomwe ndikukwiyira.

Orest


Kalyna Creek
22 Ogasiti 2011

Makutu,

Moni ndikukupatsa ngakhale sukufuna. Ndili kunyumba. Kalata yako inanditsatira kuno. Tikufula uchi kuyambira m'mawa, manja anga atupa, zandiluma pakhosi ndi pachikope, amayi akuti njuchi zikudziwa kuti ndine mlendo.

Chithunzi ndi chimenecho. Ndachitumiza papositi poti pakhomo panupo salola mlendo kulowa ndi kapepala. Ndachisindikiza pamapepala awiri n'kulumikiza, usadabwe ndi mzere wodutsa pamphuno ya amayi.

Zoti ndinasiya ziwiri dala, sindikana ndipo sindivomera.

Za ana a Gordon ndaziganizira, ndipo sindikuziyesa zopanda pake. Ndinawawerengera amayi mbali imeneyo. Anati tsamba lawo silinatchulepo dzina la Thiessen ndipo silidzatchula, ngakhale nkhani ya mankhwala sadzailemba, ngakhale ndi yomwe ikanawabweretsera anthu ambiri owamvera chisoni. Akuti imeneyo ndiyo ngongole yawo kwa anawo. Koma kubisa mwana wawo si mbali ya chilango chomwe khoti linapereka.

Unati nkhope ndi yako. Zoona. Koma chithunzi n'chathu tonse, ndipo abambo sangafunsidwenso. Uchiyang'ane bwino, uone amene wawagwira.

Lamlungu ndibwera ndi amayi. Ukafuna kukhala chete, ukhale chete kwa awiri.

Lesia


Kalyna Creek
19 Seputembala 2011

Lesia,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo chikope chinaphwa. Nyumba yakula chichokereni iwe. Uchi wonse uli m'migolo, njuchi ndayamba kuzipatsa madzi a shuga.

Nkhani za kuno ndi izi. Akomiti ya msika wa Loweruka andilembera kuti tebulo langa alipereka kwa wina wogulitsa makandulo. Akuti anthu ena sakumasuka. Wapampando ndinakumana naye pothira mafuta, ndinamufunsa kuti osamasukawo ndani kuti ndikawamasule. Anati foni yake ikulira. Sinkalira.

Pabulogu pali wina wosalemba dzina lake amene amabwera sabata iliyonse. Sabata yatha anafunsa ngati uchi wathu umathyola zibwano. A Ferris amafuna kufufuta, ndinawaletsa. Ndinamuyankha kuti ayi bambo, ndi wofewa, ngakhale munthu wopanda dzina atha kudya. Sanabwerenso mpaka pano.

Oitanitsa alipo, sindinama kuti ndi ambiri, sanafike pomwe sitolo inkafika. Wina ali ku Halifax, wina ku Yukon komwe sindinkadziwa kuti kumafika positi. Mayi wina wa ku Regina anaitanitsa botolo limodzi n'kulemba kalata yaitali kuposa yako ija. Anafufuza dzina lathu, anaona za kukhoti, akuti nayenso wake ali mkati ndipo chithunzi chake anachibisa m'dirowa. Ndinamuyankha kuti dirowa ndi ya masokosi.

Poti msika andilanda, ndayamba kuimika lole pamphambano ya msewu waukulu Loweruka, ndikugulitsira pomwepo. Koma magalimoto amadutsa osadziwa kuti ndikugulitsa chiyani, ena amaima kufunsa ngati yawonongeka. Ndapita kwa wolemba zikwangwani ku Dauphin. Akuti atha kusindikiza chithunzi chathu chija chachikulu, chotalika ngati thupi lonse la lole, mbali zonse ziwiri, koma cha pabulogu n'chaching'ono, chingatuluke chosaoneka bwino. Akufuna chachikulu chomwe uli nacho iwe. Umutumizire sabata ino, adiresi yake ili kuseri kwa pepalali. Usasinthe kalikonse.

Orest atuluka pakati pa Okutobala. Za Alberta sakuzitchula, za kunyumba sakuzitchulanso. Mlonda wina wandinong'oneza kuti kapepala kako kali pakhoma pamwamba pa bedi lake, anakamata ndi mankhwala otsukira mano. Ine sindinamve, iwenso sunamve.

Mayi ako


Kalyna Creek
17 Okutobala 2011

Achemwali,

Taona pamwambapo pomwe ndikulembera. Usayambe kuvina, sindinalonjeze kanthu. Ming'oma ikufunika kukutidwa chisanu chisanagwe, ndipo amayi sangathe okha ndi msana umenewo. Zina tidzaona kukayamba kufunda. Ndili bwino, ndagona tulo tosadzutsidwa ndi belu, ndadya mpaka lamba wadandaula.

Unadziwa za lole, wakuba iwe, ndipo sunandiuze. Loweruka m'mawa ananditsegulira geti, ndinatuluka ndi kathumba kanga, n'kupeza loleyo yaima mopingasa pakhomo penipeni. Pachithunzipo mutu wanga unali waukulu ngati beseni losambira, makutu ngati zitseko. Mlonda wapageti anayang'ana lole, anayang'ana ine, n'kunena kuti ndikadzathawa sadzavutika kundifuna. Amayi anali chiimire pambali pake atavala chikhoti chawo cha kutchalitchi. Ndinafuna kukalipa koma anandikumbatira ndisanatsegule pakamwa, kenako anandiponyera makiyi, akuti iwo atopa.

Njira yonse sitinakambe za chithunzi. Anandiuza za mfumukazi, za denga la shedi lomwe likudontha, za mayi wa ku Regina. Magalimoto otipitirira ankachepetsa liwiro kuti awerenge. Ana ena pabasi anandibayibitsa, kaya ankabayibitsa wa pachithunziyo.

Ukudziwa mphambano ija ya pafupi ndi manda, pomwe msewu wafumbi umakhotera kumtsinje n'kukatulukira kuseri kwa nyumba yathu osadutsa m'tauni. Ndinkaiganizira kuyambira ku Neepawa. Titayandikira, amayi anasiya kulankhula n'kumayang'ana pawindo ngati aona china chachilendo m'munda wa ziputu. Ndinachepetsa liwiro. Ndinayatsa ngakhale nyali yokhotera. Kenako ndinaganiza kuti ndikalowa kuseri lero, mawa ndidzalowanso kuseri, mpaka ndidzakalamba ndikudziwa msewu umodzi. Ndinazimitsa nyaliyo n'kupitirira.

Poti linali Loweruka, Lesia, tauni yonse inali panja. Loleyi ukuidziwa, siithamanga ngakhale uipemphe. Tinadutsa msewu waukulu ngati maliro. Stella anali pakhomo pa banki, anatsegula chikwama chake n'kulowetsamo mutu wonse. A Petrash anakweza chipewa. Ena anangoima.

Gordon anali pamasitepe a lesitilanti ndi kapu ya khofi. Kamwa yake inapotokera mbali imodzi, sindinkadziwa kuti inatsala choncho. Anayang'ana chithunzicho kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kenako anayang'ana ine. Sindinamupatse moni, khoti linandiletsa kulankhula naye. Iye sanandipatse, ngakhale palibe anamuletsa. Sindinayang'ane pansi, koma usaganize kuti ndinanyada. Ndinangogwira chiwongolero.

Ndimati tatha, amayi n'kunena kuti ndiime pasitolo ya zitsulo, kunyumba kulibe misomali yokhomera zokutira ming'oma. Sitolo ya mlamu wake wa Gordon imeneyo. Ndinati tidzagula ku Dauphin. Anati akuifuna lero, ndipo iwo satsika, mwendo wachita dzanzi.

Ndinatsika. Kuchokera palole kufika pakhomo paja ndi pafupi, koma ndinayenda ngati ndikuwoloka mtsinje. M'katimo munali amuna angapo. Ndinatenga misomali n'kuika pakauntala. Mwini sitolo anandiyang'ana kanthawi.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera."

Anaikulunga, ndinalipira, ndinatuluka. Palibe anandimenya, palibe anandigwira chanza. Nditakwera, amayi anangoti tiye, mwendo wawo uli bwino tsopano.

Madzulo ndinalowa m'shedi kukaika misomaliyo. Pansi pa benchi ndinapeza ndowa yodzaza mpaka pakamwa, misomali ya mtundu womwewo, yatsopano, ina ikadali m'mapaketi. Ndinainyamula mpaka kukhitchini n'kuiika pamapazi pa amayi. Anali akukanda ufa. Anaiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kukanda.

"Misomali siiwola," anatero.

Mlongo wako,
Orest